Kiyi Mmodzi Wotsegula Makomo Onse a Boma

Phunziro la mwezi uno kwa eni malonda, a makoparetivu ndi aphunzitsi

Owerenga athu, munthu aliyense amene anayesapo kuyamba malonda adziwa kuti ntchito siithera pa kumanga sitolo ndi kuikamo katundu. Boma nalo lifuna kumdziwa. Lifuna kudziwa dzina la malondawo, mwini wake, malo amene achitikira, anthu amene alembedwa ntchito, ndi msonkho umene uyenera kuperekedwa. Zonsezi zilembedwa m'mabuku a Boma, koma mabukuwo sakhala m'nyumba imodzi ayi. Ofesi ya kaundula wa malonda ili ndi buku lake, ofesi ya msonkho ili ndi lake, ofesi yopereka ziphaso ili ndi lakenso.

Tsono taganizani za mwini chigayo amene akhala kutali ndi tauni. Adzuka mbandakucha, akwera basi, afika ku ofesi yoyamba naima pa mzere. Kalaliki ampatsa fomu, iye alembapo dzina lake, mudzi wake ndi dzina la chigayo. Apita ku ofesi yachiwiri, apeza fomu ina yofunsa mafunso omwe aja. Pofika ku ofesi yachitatu apeza atatseka, ndipo ayenera kugona m'tauni. Masiku awiri chigayo chili chete, amayi abwerera ndi chimanga chawo pamutu, ndalama zathera pa ulendo. Palibe amene wamlakwira, pakuti kalaliki aliyense wagwira ntchito yake bwino. Vuto ndi lakuti mabuku a Boma salankhulana.

Mwezi uno tiphunzira zimene dziko la Norway linachita pofuna kuthetsa vuto lotere. Tiona chimene anamanga, m'mene chigwirira ntchito, tsiku limene chinawachititsa manyazi, ndi zimene ife tingatolepo.

DZIKO LA NORWAY NDI MABUKU AKE

Norway ali kumpoto kwenikweni kwa Ulaya. Ndi dziko lalitali ndi lowonda, la mapiri ambiri, ndipo nyanja yamchere inalowa m'kati mwa mapiriwo m'malo osawerengeka. Anthu ake ndi ngati 5,500,000. Asodzi ndi alimi ambiri akhala kutali ndi likulu lawo la Oslo, motero vuto la mtunda alidziwa monga tilidziwa ife.

Kale kumeneko kunali mabuku a malonda pafupifupi 100, dera lililonse ndi buku lake. M'chaka cha 1988 Boma linawasonkhanitsa onse kuti akhale kaundula mmodzi wa dziko lonse. Kaundulayo sanamuike ku likulu ayi, koma ku Brønnøysund, tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja, ya anthu ngati 5,000, kutali kumpoto kwa Oslo. Anaona kuti buku limene anthu alifikira ndi kalata kapena ndi makina lingathe kukhala paliponse.

M'chaka cha 1995 anatsegula kaundula wina wamkulu. M'menemo kampani iliyonse, koparetivu, bungwe, ngakhale ofesi ya Boma imene, ipatsidwa nambala yake ya manambala 9. Nambala yomweyo ndiyo idziwika ku ofesi ya msonkho ndi ku maofesi ena onse. Anthu nawonso ali ndi nambala zawo za manambala 11, zimene zinayamba m'chaka cha 1964.

M'chaka cha 1997 anachita chinthu china chodabwitsa: anatsegula kaundula wa mafomu. Ntchito yake ndi kulemba mafunso onse amene maofesi a Boma afunsa kwa amalonda. Ofesi ikafuna kutulutsa fomu yatsopano iyenera kunena kumeneko, ndipo a kaundula ayang'ana ngati palibe ofesi ina imene ifunsa kale funso lomwelo. Ngati ilipo, maofesi awiriwo agawane yankho m'malo movutitsa munthu kawiri.

Taonani kuti zonsezi zinachitika khomo la pa intaneti lisanatsegulidwe. Womanga nyumba ayamba ndi maziko, chitseko chibwera pambuyo. Maziko ake apa ndi atatu: munthu aliyense ndi nambala yake, malonda alionse ndi nambala yake, ndi buku limodzi lonena kuti munthu uyu ali ndi udindo wakuti m'malonda akuti.

KHOMO LOTCHEDWA ALTINN

M'mwezi wa Disembala 2003 maofesi atatu anatsegula khomo limodzi la pa intaneti. Maofesiwo ndi a msonkho, a kalembera wa anthu ndi chuma, ndi a kaundula a ku Brønnøysund aja. Analitcha Altinn, ndiye kuti m'chinenero chawo, zonse zilowe pamodzi. Pambuyo pake maofesi ena ambiri anabwera nawo kudzaika mafomu awo pa khomo lomwelo. Kuyambira pa 1 Januwale 2020 khomoli linaperekedwa m'manja mwa nthambi ya Boma yoyang'anira ntchito za pa makompyuta.

Kuti timvetse bwino, tiyerekeze ndi nyumba yaikulu ya zipinda zambiri, yokhala ndi chipata chimodzi ndi mlonda mmodzi. Chipinda chilichonse ndi ofesi ya Boma. Munthu akafuna kulowa, zinthu zinayi zichitika motsatana.

Choyamba, mlonda afuna kudziwa kuti munthuyo ndani. Apa ndi pamene pagwira ntchito kiyi, amene akulu ati mfungulo. Kiyi ameneyu si wachitsulo ayi, koma ndi nambala ya munthuyo pamodzi ndi mawu achinsinsi, ndiponso chizindikiro china chimene chifika pa foni yake kapena pa kachipangizo kamene asunga yekha. Ambiri agwiritsa ntchito kiyi wochokera ku mabanki wotchedwa BankID, ena agwiritsa wa Boma wotchedwa MinID. Gwirani ichi bwino: kiyi ndi wa munthu, si wa kampani. Kampani ilibe manja, siingasaine kalata. Wosaina ndi munthu.

Chachiwiri, mlonda atsegula buku la kaundula kuti aone udindo wa munthuyo. Akapeza kuti walembedwa monga mwini malonda, kapena manijala, kapena wapampando, ampatsa mphamvu yolankhulira malondawo. Sayenera kubwera ndi kalata ina yomchitira umboni, popeza bukulo lanena kale.

Chachitatu, munthuyo asankha amene afuna kumuimira pa nthawiyo, kaya iye mwini, kaya sitolo yake, kaya bungwe limene ali wapampando wake. Akasankha aona bokosi la makalata a malondawo. M'menemo muli makalata ochokera ku maofesi a Boma, mafomu amene adikira kuyankhidwa, ndi makope a zonse zimene anatumiza kale pamodzi ndi malisiti ake.

Chachinayi, mwini malonda angathe kugawira antchito ake mphamvu. Kalaliki wa malipiro ampatsa chipinda cha malipiro chokha. Wowerengera ndalama ampatsa chipinda cha msonkho. Aliyense alowa ndi kiyi wake, ndipo makina alemba dzina la amene watumiza chinthu ndi tsiku lake. Kalaliki akasiya ntchito, mwini malonda amlanda mphamvuyo tsiku lomwelo, osasintha loko wa nyumba yonse.

PHINDU LAKE

Kale wolemba anthu ntchito ku Norway anali kutumiza mafomu asanu osiyanasiyana onena za antchito ake ndi malipiro awo. Kuyambira pa 1 Januwale 2015 mafomu asanuwo anasanduka lipoti limodzi, lotumizidwa kamodzi pa mwezi, pofika pa 5 mwezi wotsatira. Lipotilo lifika nthawi imodzi ku ofesi ya msonkho, ku ofesi ya antchito ndi mapenshoni, ndi ku ofesi ya kalembera. Munthu anena kamodzi, maofesi atatu amva.

Makampani amene lamulo liwauza kupereka mabuku awo a ndalama chaka ndi chaka awatumiza pa khomo lomwelo pofika pa 31 Julayi, ndipo wochedwa alipira chindapusa. Amalonda ambiri salembanso mafomu ndi manja, popeza makompyuta amene asungiramo mabuku awo atumiza okha manambala ku Boma mwini wake akavomereza.

Phindu lina ndi la ogula. Munthu aliyense angathe kulemba nambala ya kampani pa tsamba la kaundula ndi kuona, popanda kulipira, ngati kampaniyo ilipodi, kumene ili, ndi amene aiyendetsa. Mlimi asanapereke zokolola zake pa ngongole angathe kuyamba wafufuza. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

TSIKU LA MANYAZI

Koma musaganize kuti zonse zinayenda bwino masiku onse. Pa 20 Malichi 2012 Boma linaika pa Altinn mapepala a msonkho a anthu a dziko lonse, ndipo anthu ochuluka zedi anathamangira pa khomo tsiku limodzi. Makina analemedwa. Madzulo ake panachitika choipa china chachikulu: anthu ena polowa ndi kiyi wawo anapeza kuti aona tsamba la munthu wina, lokhala ndi dzina lake ndi nambala yake.

Chinachititsa n'chiyani? Panali makina ena amene ntchito yake ndi kufulumizitsa zinthu. Iwo asunga kope la tsamba limene anthu ambiri alifuna, kuti alipereke msanga osapitanso kukalitenga m'nkhokwe. Tsiku limenelo makinawo anasunga molakwa tsamba la munthu mmodzi, nayamba kulipereka kwa ena amene anabwera pambuyo pake. Akulu a Altinn ataona zimenezi anatseka khomo lonse, ndipo linakhala chitsekere masiku angapo. Pa masiku amenewo amalonda amene anali ndi mafomu otumiza anasowa polowera.

Phunziro lake ndi ili. Pamene mabuku anali 100, kalaliki mmodzi akalakwa, ovutika anali a dera lake lokha. Khomo likakhala limodzi, cholakwa chimodzi chikhudza dziko lonse, ndipo khomolo likatsekeka zipinda zonse zatsekeka. Walira mvula walira matope. A ku Norway sanabwerere ku mapepala ayi, koma anakonza makina awo napitirira. Boma lililonse lomanga khomo lotere liyenera kulilimbitsa koposa, ndi kukonzeratu chochita tsiku limene lidzakana kutseguka.

DZIKO LINA LIMENE LINAPHUNZIRA ZA KIYI

Ku Singapore, chilumba cha amalonda cha ku Asia, anapeza vuto lina. Kumeneko munthu aliyense ali ndi kiyi wa Boma wotchedwa Singpass. M'makampani ena anthu anali kubwerekana kiyi ameneyu kuti ntchito ya kampani iyende, ndipo wobwerekayo anali kutha kuona zinsinsi za mwini kiyi zimene sizikhudza ntchito. Pa chifukwa ichi m'chaka cha 2016 Boma linatsegula Corppass, njira ya amalonda okha, ndipo kuyambira pa 1 Sepitembala 2018 makampani onse anayenera kuigwiritsa ntchito pochita zinthu ndi Boma pa intaneti. M'chaka cha 2021 anakonzanso kuti wantchito aliyense azilowa ndi Singpass wake, ndipo Corppass azingonena zipinda zimene kampani yamlola kulowamo. Motero maiko awiri otalikirana anafika pa mfundo imodzi: munthu aliyense ndi kiyi wake, ndipo kampani igawa mphamvu, siigawa kiyi.

NANGA KWATHU KUNO?

Kwathu maziko ena anaikidwa kale. M'chaka cha 2017 anthu oposa 9,000,000 a zaka 16 ndi kuposerapo analembetsa kuti alandire chiphaso cha unzika, chilichonse ndi nambala yake. M'chaka cha 2018 eni mafoni anauzidwa kulembetsa manambala awo. Bungwe lotolera msonkho la MRA linatsegula khomo lake lotchedwa Msonkho Online, ndipo kulembetsa malonda nako kunayamba kuchitika pa intaneti. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2016 limene mwa zina liletsa kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo, ndi lina m'chaka cha 2024 loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'makina.

Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa anthu 100 alionse akhala kumidzi. Ambiri mwa iwo adzafika pa makomo amenewa ndi foni yaing'ono, kapena ndi thandizo la mwana wa sukulu, la mphunzitsi, kapena la mnyamata wokhala ndi kompyuta pa msika. Apa ndi pamene pali ngozi imene ife eni tingathe kuipewa.

Tiyerekeze koparetivu ya alimi a mtedza. Mlembi wawo ndi mnyamata wochangamuka, ndipo akulu anena naye, "Iwe ndiwe udziwa za makinazi, tilembetsere." Iye alembetsa ndi nambala ya foni yake, asankha yekha mawu achinsinsi, ndipo palibe wina amene afunsa. Chaka chotsatira mnyamatayo apita ku Joni kukafuna ntchito, foni ili m'thumba. Nthawi yokolola ifika, wogula wamkulu abwera ndi mtengo wabwino, nati, "Ndionetseni chikalata cha kaundula ndi chikalata chosonyeza kuti msonkho wanu uli bwino, sabata ino isanathe." Wapampando ayesa kulowa, makina atumiza chizindikiro ku foni imene ili ku Johannesburg. Sabata itha, wogula apita kwina, ndipo mtedza wa mabanja makumi asanu ugulidwa ndi mavenda pa mtengo wolira. Mnyamatayo sanabe kanthu. Akulu ndiwo anapereka kiyi wa nkhokwe ya onse kwa munthu mmodzi, osalemba kanthu m'buku.

MALANGIZO OYENERA KUWASUNGA

1. Mawu anu achinsinsi ndi anu nokha. Asawadziwe kalaliki, asawadziwe mnzanu wa malonda. Achitireni monga muchitira ndi nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni.

2. Munthu akakuimbirani foni nanena kuti ali ku ofesi ya Boma, ndipo afuna mumuwerengere chizindikiro chimene chafika pa foni yanu, dulani foniyo. Wantchito woona wa Boma alibe nacho ntchito chizindikiro chanu. Wochifuna ndi mbala imene yaima pa chipata kudikira kuti muitsegulire.

3. Wina akakuthandizani kulemba pa kompyuta, lembani nokha mawu achinsinsi iye atayang'ana kumbali. Mukatha, onetsetsani kuti mwatseka tsamba lanu musanachoke. Musalole kuti kompyuta ya pa msika isunge mawu anu.

4. Bungwe lililonse likambirane pa msonkhano za amene adzaliimira pa makomo a Boma, ndipo zilembedwe m'buku la misonkhano. Pamene makina alola, oimira akhale awiri, aliyense ndi kiyi wake. Nambala ya foni yolembetsera ikhale imene idzatsala m'manja mwa bungwe munthu akachoka.

5. Mukasankha wapampando kapena mlembi watsopano, dziwitsani a kaundula msanga. Makina akhulupirira zimene zili m'buku, osati zimene mudzi wonse udziwa. Dzina la munthu amene munamchotsa likatsala m'buku, mphamvu zatsala kwa iye.

6. Musadikire tsiku lomaliza. Magetsi angathe kuzima, netiweki ingathe kuvuta, ndipo taona kuti ngakhale ku Norway khomo linatsekeka. Mukatumiza chinthu, lembani nambala ya lisiti ndi tsiku lake m'kope, ndipo zikalata zazikulu muzisindikize pa pepala ndi kuzisunga pouma.

KWA APHUNZITSI

Inu aphunzitsi ndinu amene anthu a m'mudzi abwera kwa inu ndi makalata ovuta. Tikupemphani kuti muwerengere ana a makalasi apamwamba phunziro ili, ndiponso a sukulu za kwacha, ndi kuwafunsa mafunso awa.

1. Tchulani maziko atatu amene a ku Norway anaika asanatsegule Altinn.

2. Chifukwa chiyani kiyi apatsidwa kwa munthu, osati kwa kampani?

3. Kodi kugawa mphamvu kusiyana bwanji ndi kubwereketsa kiyi?

4. Fotokozani chimene chinalakwika pa 20 Malichi 2012, ndi chifukwa chake cholakwa chimodzi chinakhudza anthu ambiri.

5. M'nkhani ya alimi a mtedza, akulu a koparetivu akanachita chiyani pa tsiku lolembetsa?

6. Ntchito ya masamu: funsani mwini sitolo kapena chigayo wa kwanuko mtengo wa basi kupita ku boma ndi kubwerera, ndalama za chakudya ndi malo ogona, ndi zimene apeza pa tsiku limodzi la malonda. Werengerani zimene ataya akapita maulendo anayi pa chaka.

Mukapeza yankho la funso lomalizali, kalioneni pamodzi ndi mwini malondayo. Pambuyo pake mumfunse mafunso awiri: kodi dzina limene lili m'buku la kaundula ndi la munthu amene ayendetsa malondawo lero, ndipo kodi foni imene analembetsera ili m'manja mwa yani? Akalephera kuyankha, muuzeni akonze zimenezi mwezi uno, nthawi yogulitsa zokolola isanafike.